Mapaipi Asanu ndi Atatu a a Dotora

Lolemba

Pepani a Dotora pokuvutitsani ndi zolemba zanga. Munati ndizilemba chilichonse mu kaderno, kabuku aka, mpaka mutabwera kuchokera ku Tete. Sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu, koma ndikulemba pang'onopang'ono, osafufuta.

Mwandisiyira mapaipi asanu ndi atatu a mchenga umene tinakumba m'chigwembe cha ku Lifidzi. Lililonse munalilemba nambala yake. Ndikulemba zimene munandiphunzitsa kuti ndisaiwale. Mchenga ukakwiririka umasunga kakuwala kobisika m'kati mwake. Inu mumakayeza kakuwalako m'chipinda chamdima n'kudziwa kuti mchengawo unaona dzuwa liti komaliza. Ukangoonanso dzuwa, umaiwala zonse.

Malamulo anga:
1. Osatsegula.
2. Osaonetsa munthu.
3. Kuwerenga m'mawa, masana ndi madzulo.

Ali m'katoni, katoni m'pulasitiki wakuda, pulasitiki m'bulangete, zonse pansi pa bedi. Munati ndikasunga bwino munditenga chaka chamawa ndikhale wokuthandizani weniweni, wovala jombo. Jombozo ndi zanga kale!

Lachiwiri

Mvula yamawawa. Amayi asolola pulasitiki uja kukaphimba nyemba pabwalo. Akuti, "Nyemba timadya. Mchenga wa adona akowo tidzaudya liti?"

Katoni aisiya pakhonde. Mapaipi ndi otseka ndi tepi mbali zonse, ndiye palibe chaonongeka. Koma awaona a Nambewe oyandikana nafe, ndipo a Nambewe akaona, mudzi waona. Pofika masana, ku chigayo akuti ndikusunga golide.

Asanu ndi atatu. Ndawerenga kanayi.

Lachitatu

Kwabwera amalume a Sitefano, amene amanyamula katundu pa njinga ku Kalomwe. Akuti adzaona amayi. Chaka chonse sanawaonepo.

Ndikuchokera kumjigo ndi ndowa pamutu, ndikuwapeza pabwalo, dzuwa lili phwee, akupeta nambala 3 pa lichero! Akupeta mwaluso ndithu, kuposa amayi.

"Mwanawe, akunamiza. Ndi mchenga weniweni uwu."

Ndimafuna kukuwa. Ndangoti, "Inde amalume," n'kuwapatsa madzi akumwa.

Atsala asanu ndi awiri. Sizoipa kwambiri. Mchenga wa nambala 3 unali wapamwamba, wachichepere, sunali ndi zambiri zoiwala. Katoni ndaimanga ndi chingwe cha mbuzi, mfundo zinayi.

Lachinayi

Kuti nkhani ya golide ithe, ndawafotokozera amayi zoona zake, kuti mchengawu umakumbukira. Amayi auza azakhali.

Azakhali afika ndi mbatata ya kachewere m'dengu. Mwana wawo Paskale akubwereza kalasi yomweyo kachitatu. Akuti, "Kapinimbi kamodzi chabe, pang'ono pokha, ndimuthirire m'phala."

Ndakana. Ndakana katatu konse, mwamphamvu. Koma munthu suyang'ana azakhali m'maso, ndiye ndimakanira pansi, ndipo mawu anga mukuwadziwa. Iwo amva ngati ndati "tengani". Atenga nambala 5 yonse, kuti mwina asabwerezenso kalasi.

Asanu ndi limodzi. Kachewere ndi wabwino, wamkuluwamkulu. Ndakusungirani.

Lachisanu

Amalume abweranso, nkhope ili yachisoni. Akuti usiku sagona. Lachitatu lija anatsegula awiri, osati limodzi. Loyamba analidzazanso ndi mchenga wa kuseri kwa khola, n'kulimata bwinobwino kuti ndisakhumudwe.

Ndafunsa nambala yake. Akuti, "Aaa, onse ndi akuda amenewo."

Ndiye mwa asanu ndi limodziwa, limodzi ndi labodza. A Dotora, mukaliyeza limenelo likuuzani kuti phiri lonse linabadwa Lachitatu.

Sindikuda nkhawa. Ndaagwedeza pakhutu limodzilimodzi. Ndaanunkhiza. Nambala 6 ikumveka mbuzi pang'ono, komanso chingwe chija n'chambuzi. Mawa ndilipeza. Inu munamata ndi dzanja lamanzere, amalume ndi lamanja, ndiye tepi iulula yokha.

Loweruka

Tepi sikuoneka, matope achuluka. Choncho:

madzi ofunda,
sopo,
chinkhupule,
kansalu koyera.

Ndatsukira m'nyumba, chitseko chotseka, zenera lotchinga ndi chitenje. Ngakhale kadontho ka dzuwa sikanalowe! Ndapukuta, ndaandanda pamphasa. Akuwala ngati a m'sitolo. Simunawaonepo okongola chonchi.

Manambala achoka.

Munalemba ndi kaneta ija mumati siifufutika. Imafufutika.

Mu kaderno muli zonse: nambala 1 kuya kwake, nambala 2 kuya kwake, mpaka 8, mizere yowongoka ndi rula. Koma paipi liti ndi la mzere uti, sindikudziwa. Labodza lija nalonso layera ngati anzake.

Amayi asuzumira. Akuti, "Koma mwana wanga ndi waukhondo."

Lamulungu

Misa ku Fonte Boa. Panjira anthu atatu andifunsa mtengo wa mchenga wa mayeso. Azakhali alengeza kuti Paskale wakumbukira yekha kutseka khola dzulo.

Ndakhala kumbuyo. Sindinayimbe.

Zimene zilipo: mapaipi asanu ndi limodzi, oyera, otseka, opanda mayina. Asanu sanaone dzuwa, izi ndingalumbire. Lichero limodzi la mchenga woiwala. Kachewere.

Amalume analakwa, azakhali analakwa, koma iwo anaononga atatu. Otsalawo ndamaliza ndine, ndi sopo. Ndalemba chonchi kuti musavutike kufufuza.

Chigwembe chikadalipo, sichinapite kulikonse. Malo ake ndikuwadziwa onse, ndipo khasu ndanola. Mukafuna kutenga wina chaka chamawa, tengani, sindidandaula pamaso panu. Koma ameneyo mumuuze za kaneta.

Kadernoyu ndikupatsira dalaivala wa chapa, minibasi ya ku Tete, mawa m'mawa. Chonde yankhani msanga, ngakhale mawu awiri pa foni ya amayi. Amalume akuti Lachiwiri abwera ndi mnzawo wodziwa za miyala, ndipo ine kukana ndimakana, koma sizimveka.