Bokosi la M'chipinda Chotentha

Pulani inabadwira pa kabala ka ku Nangongwe, chibuku chitakwera m'mutu. Mwini pulaniyo anali Yotamu, amene anadzipatsa yekha dzina la Profesa chifukwa anapentapo khoma la labu ina ku Industrial.

"Mverani imwe," anauza anzake, Ndeke ndi Kapenta. "Muja ba Dokota Gwendolyn bafinya masamba ya mululuza na nimu. Bachotsamo mankhwala ya maleriya, na ma antiokisidanti."

"Ndiye vichani ivo?" anafunsa Kapenta.

"Voletsa thupi kuchita dzimbiri, mbuli iwe! Tikaviba, bazungu bazatigwadira na ndalama."

Lamlungu m'mawa, mlonda ali kalikiliki kupemphera kutchalitchi, akuluakuluwo analowera pazenera la chimbudzi. Pathebulo panali mabotolo a madzi obiriwira, mankhwala enieniwo. Profesa anangowatsonya.

"Supu ya chibwabwa iyi. Chinthu chodula chinkala kuseri kwa ma doo yabili."

Anazipezadi zitseko ziwirizo. Kuseri kwake kunali chipinda chotentha, ndi bokosi lofunditsidwa nsalu yonyowa. Linali lopepuka ngati dengu lopanda kanthu, ndipo linkalira chapansipansi.

"Shani, ilira?" anadabwa Ndeke.

"Ni kemiko isebenza," anayankha Profesa, nalinyamula.

Atafika nalo kwa Profesa, Ndeke anakhoma chitseko, natseka mipata yonse ndi masanza kuopa maso a aneba. Kapenta anang'amba nsalu ija ndi mpeni.

Mayo ine! Udzudzu! Chimtambo chathunthu, wanjala, umene adokotala ankaweta poyesera mankhwala awo. Ndeke, katswiri wothawa, anali atataya kiyi. Anamenyana makofi popha udzudzuwo mpaka manja kuwawa.

Kutacha, nkhope ya Profesa inali ngati vitumbuwa. Mantha anamugwira zenizeni, imfa ankaionera pafupi. "Profesa wa chani ine? Galu chabe," anadzitukwana. "Iyi ni maleriya ya mu labu, ku kiliniki sibangaikwanise." Anakoka anzakewo ulendo wa kulabu komwe kuja, nagwada pakhomo.

"Ba Dokota, ndise tinaba. Tipatseniko chabe yobiriwira ija, tisafe!"

Dokota Gwendolyn anaseka mpaka misozi, foni ili kukhutu kuitana apolisi.

"Mankhwala tikali kuyesa, sitipatsa munthu," anatero. "Ndipo udzudzu wanga ulibe maleriya, ni woweta mu nyumba. Udzudzu uli nayo muzaupeza ku selo."