Pakamwa Panga ndi Alendo a ku Thyolo

Lolemba

Tamanda waimba foni kuchokera ku Blantyre. Mwana wanga wachisamba, namwino. Akuti Loweruka akubwera akwawo kwa mnyamata wake Yamikani, anthu a ku Thyolo, kudzaonekera. Nkhani yabwino! Ndikuvina pakhonde, foni ili kukhutu. Kenaka mawu ake akutsika: "Koma ababa, pakamwa panupo. Anthu a kummwera sanazolowere. Chonde musadzandichititse manyazi."

Pakamwa panga patani?

Ndikufunsa a Nabanda, mkazi wanga. Akuti, "Inu a ku Dowa ngakhale moni mumayamba ndi galu." Iwowa kwawo ndi ku Ntchisi, ndipo amakhulupirira kuti kumeneko ana amabadwa ndi nyimbo za m'tchalitchi m'kamwa. Bodza! A ku Ntchisi amatukwana kuposa ife, kungoti amatero chapansipansi, uku akumwetulira.

Komabe mwana wapempha. Ndatsimikiza: sabata ino m'kamwa muyere.

Zoti ndisiye:
galu, nyani, mbuzi (pokhapokha ndikunena nyama yeniyeniyo);
chitsiru ndi abale ake onse;
chilichonse cha kumunsi kwa lamba;
kutchula amake a munthu, amake a ng'ombe, amake a njinga.

Zikafika pakhosi ndizinena kuti "madalitso". Asankha ndi a Nabanda.

Lachiwiri

Alendo amafuna nkhuni zambiri. Ndamanga ng'ombe zanga ziwiri pangolo, Sajeni ndi Kopolo.

"Tiyeni, abale anga."

Zii. Sajeni akundiyang'ana ngati ndine mlendo. Kopolo akubzikula.

"Tiyeni, chonde."

Kopolo wagona pansi, goli lili m'khosi.

Ng'ombezi ndidagula kwa bambo wina wa ku Bowe, amene pakamwa pake panga sipafikapo. Zidakulira m'mawu amenewo ngati mwana akulira m'phala. Kwa izo "tiye" wopanda ndiwo si lamulo, ndi nkhani chabe.

Ndayesa mkwapulo, ayi. Ndayesa kukuwa kuti "Madalitso!" Zangogwedeza makutu. Mwana wa aneba dzina lake Madalitso ndiye wathamanga kudzafunsa chomwe ndikumuitanira.

Nkhuni ndatuta panjinga, maulendo osatha, pachitunda chathuchi. Ng'ombe zikudya msipu, zikundionerera. Msana!

Lachitatu

Ku Chisepo kukagula mpunga, shuga ndi mafuta.

Ndisanatsike n'komwe panjinga, msuweni wanga Gelesomu, wogulitsa nyama ya mbuzi, wakuwa msika wonse ukumva: "Nyani wa ku Dzoole uja wafika! Mutu ngati dzungu la pachulu! Adakutsegulira khola ndani?"

Yankho lili kale palilime. Lokoma! Ndalimeza.

"Mwaswera bwanji, asuweni?"

Mpeni wamugwa m'manja. "Ndakulakwira chiyani?"

Chiyambire ubwana wathu sindinamupatsepo moni waulemu. Kuno msuweni ukapanda kumutukwana ndiye kuti pali mlandu. Ndikufotokoza za alendo, sakumva. Akundigwira pachipumi. Wandipatsa chiwindi chaulere, maso ali ndi misozi.

Pasitolo ndakumana ndi dalaivala wa lole amene wayenda dziko lonse. Ndikumufunsa: otukwana kwambiri ndi a kuti? Akuti:
a kummwera amaloza ife a pakati;
ife timaloza a kumpoto;
a kumpoto amati iwo amatukwana m'chinenero chawo, ndiye siziwerengedwa;
a m'tauni amatukwana m'Chizungu n'kumati ndi sukulu.

Nanga a ku Thyolo? "Aulemu kwabasi, bambo. Samalani nawo." Basi wakwera lole, wapita.

Sindinathandizike.

Lachinayi

Mbiri yandipitirira kumudzi. Akuti ndikudwala. Ena akuti andilodza. Ena akuti munthu akasintha chonchi ndiye kuti akutsanzika.

Ondizonda lero:
azakhali anga, ndi mizu m'botolo;
Gelesomu, wakhala pamkeka akungopukusa mutu;
mkulu wa mpingo, wosangalala, akuti Lamulungu ndikaime kutsogolo ndikachitire umboni.

Masana ndikukonza mpanda wa bafa. Hamala yaphonya msomali, yapeza chala.

"Madalitso! Madalitso!"

Sizichotsa ululu. Ndalemba kuti ndisaiwale: mawu abwino sachotsa ululu. Mwana wa aneba wabweranso.

Ndathamangira m'chigafa cha fodya, ndatseka pakamwa ndi chipewa, ndatulutsa pang'ono. Pang'ono pokha. Fodya alibe makutu.

Potuluka ndawapezerera a Nabanda akuthamangitsa nkhuku pa ufa woyanika. Amanena chapansipansi, koma ndamva bwinobwino. Atchula nkhukuyo, amake, ndi dzira lomwe idatulukamo!

"Ndamva!"

Akuti, "Kumeneko si kutukwana, n'kulangiza."

A ku Ntchisi!

Lachisanu

Mipando ya alendo tibwereka kutchalitchi. Mabenchi sakwera njinga. Palibe kuchitira mwina, ng'ombe.

Ndayang'ana uku ndi uku. Kulibe munthu. Ndaweramira kukhutu kwa Sajeni, ndanong'ona mawu amodzi a ku Bowe. Makutu njo! Ndanong'onanso kwa Kopolo. Ngolo yanyamuka ngati minibasi. Ndiye nzeru za ku Ntchisi zimagwira ntchito! Ulendo wonse ndikumwetulira, ndikunong'ona.

Kutchalitchi amayi a mpingo akusesa, akuimba. Mkulu wa mpingo uja akundithandiza kukweza mabenchi, akukamba za umboni wanga. Ndikukonza goli. Kopolo wabwerera m'mbuyo, waika chiboda chake pa phazi langa, watsamira ndi thupi lonse. Sakusuntha.

Zatuluka. Zonse. Za Lolemba, za Lachiwiri, yankho la Gelesomu, za hamala, zina zimene sindimadziwa kuti ndimazidziwa. Pakhomo penipeni pa tchalitchi. Mapiri abwezera mawu.

Nyimbo yaduka. Matsache ali m'mwamba. Kopolo wachotsa phazi mwaulemu.

Mayi wina wachikulire waponya tsache pansi, waombera m'manja: "Wachira!"

Za umboni zatha.

Madzulo afika alamu anga a Yesaya kuchokera ku Ntchisi, atsibweni ake a Tamanda, amene adzayendetse nkhani mawa. Amva kale panjira. Tamanda nayenso wafika, watsogolako kudzathandiza kuphika. Wamva. Sanakalipe. Wandimanga phazi ndi bandeji, mutu uli pansi, akuti, "Mawa lokha, ababa. Yamikani ndimamukonda."

Kukalipa kukanakhala bwino.

Loweruka

Afika dzuwa lili pamutu. Amalume ake a mnyamata, wamkulu wa jekete lakuda. Azakhali awiri. Yamikani mwiniwake, wamanyazi, nsapato zowala.

Njira yanga lero: kutseka pakamwa. "Takulandirani." "Zikomo." "Idyani." Basi.

Mayesero:
galu walowa pakati pa alendo, ndamuuza kuti "pepani, tulukani";
mwana waponda phazi la bandeji, ndangoluma mlomo;
Gelesomu wabwera ndi nyama, wanditsinzinira diso, ndayang'ana kudenga.

Ndapambana onse! A Yesaya ndi amalume aja akambirana bwino. Agwirizana. Tamanda akumwetulira pakhomo la khitchini. A Nabanda andigwedezera mutu, chinthu chosowa.

Kenaka a Yesaya akuti, "Bambo a mwana aponyepo liwu."

Ndaimirira. Mtima uli mbee. Ndikufuna adziwe kuti pano ndi pakhomo pa chilungamo. Ndasankha mawu a m'Baibulo enieni.

"Alendo athu, ife kuno sitinyenga alendo. Ine ndakhala ndi amake Tamandawa zaka zonsezi, sindinawanyengepo ngakhale tsiku limodzi. Afunseni! Tsono nawe Yamikani, mwana wangayu usadzayerekeze kumunyenga. Ukadzamunyenga ndidzamva, ndipo ndidzabwera ndekha."

Amalume aja thobwa latulukira m'mphuno. Yamikani akuyang'ana nsapato zake ngati alowemo. Azakhali wamng'ono wadziphimba kumutu ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Tamanda wasowa pakhomo paja.

Azakhali wamkulu waika kapu pansi bwinobwino, wayang'ana a Nabanda, wayang'ana ana athu ali ndandanda pakhonde. Akuti, "Pepani mayi, nanga anawa anabwera bwanji?"

A Nabanda sakumva. A Yesaya sakumva. Ine ndikubwereza kuti ndimveke bwino: "Ndikuti sindinawanyengepo!"

Amalume atuluka panja, akutsokomola.

Kuseri kwa khitchini Tamanda wandifotokozera, nkhope ili m'manja. Kuno kunyenga ndi kunamiza. Kwawoko ndi zija za m'chipinda, ndipo ndi liwu loti munthu wamkulu salitchula pagulu. Ndayamba kubwereza m'mutu zomwe ndanena, chimodzichimodzi. Ndakhala pa mtondo.

Sabata yonse kulondera agalu ndi anyani, chondigwetsa n'kukhala mawu amene abusa amalalikira!

Alendo anyamuka mwaulemu. Galimoto itangokhota pa mtengo wa mango, tamva chiphokoso cha kuseka. Yaima kaye pang'ono, kenaka yapita.

Tamanda sanadye.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi lakumbuyo, pafupi ndi khomo. Palibe wandiitana kutsogolo.

Pobwera ndapeza Tamanda ali pafoni kuseri kwa nkhokwe. Ndikuyenda uku ndi uku pabwalo, phazi likuwawa. Ngati ndamuphera mwana banja ndi pakamwa pangapa, ndidzamuyang'ana bwanji?

Wabwera. Maso ofiira, koma akuseka.

Ukwati ulipo! Amalume aja akuti chibadwire sanasekepo chonchi, nthiti zikuwawa mpaka lero. Akuti munthu wolumbira zotere pamaso pa alendo sangakhale ndi mtima woipa. Nkhani yafika kale midzi itatu ya ku Thyolo. Kumeneko ndili ndi dzina latsopano. Tamanda wakana kundiuza.

Wandikumbatira. Akuti, "Ababa, inu simudzatheka." Ndavomera.

Vuto ndi ili: mwezi wamawa ndife tikupita kwawoko kukabwezera ulendo. Akuti mudzi wonse ukufuna kudzandiona, ndipo apempha kuti ndikayankhulenso.

A Nabanda ndi a Yesaya akhala upo pakhonde, ine osandifunsa. Chigamulo chatuluka. Ndipita, ndinyamula zikwama, ndikhala pomwe andiloze. Kuyambira pa depoti andimanga nsalu kuchibwano mpaka pamutu.

Kumeneko tikanena kuti ndi dzino.