Makina a Kapuchino a Ba Majidi

Ndivomere poyambirira kuti Ba Majidi, owotcherera zitsulo a kuno ku Kalingalinga, sindinawamvetse mpaka lero. Munthuyu moto sankauwopa, geti lonse ankalimaliza dzuwa lisanapendeke, koma chitseko chimodzi chagalasi chinamukanika kukankha. Komanso khofi sankamumwa n'komwe. Chakumwa chawo chinali tiyi wa shuga wochuluka, woti supuni ikhoza kuima yokha m'kapu. Komabe Loweruka lililonse ankatseka shedi yawo, kusamba, kuvala kofia yoyera, n'kupita kukasankha makina opangira kapuchino, khofi wa thovu la mkaka. Kukasankha, osati kukagula. Ndipo kumbuyo kwawo kunkakhala ine, ndi ambulera ndi magalasi owerengera.

Chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Mkazi wawo atamwalira, anatsala ndi mwana mmodzi, Hafswa. Mtsikanayo anapeza ntchito yopanga khofi pa kafe ina kumashopu aakulu, koma bambo ake anakana, ati mwana wawo sangaime tsiku lonse kumwetulira amuna osawadziwa. Anakangana mpaka anansi anazimitsa mawailesi kuti amve bwino.

"Ngati ni khofi ufuna kupanga, uzapangila muno mu nyumba ya batate bako!" anakuwa Ba Majidi.

"Na chani? Na mbaula?" anayankha Hafswa, n'kunyamula chikwama kupita kukakhala ndi anzake ku Garden.

Kwathu kuno bambo sapita kwa mwana kukapepesa chimanjamanja. Pamafunika chonyamula. Ba Majidi anaganiza kuti akagula makinawo, adzamupempha Hafswa kuti abwere adzawaonetse kagwiritsidwe kake, basi mwana wabwerera kunyumba popanda wina kutchula mawu oti pepani.

Ine ndinalowa m'nkhaniyi ndi pakamwa panga. Ndinaphunzira ku mishoni, kumene ansembe a ku Italiya anatiphunzitsa kuti chiyamiko ndi msampha, ndipo ndakhala ndikuchithawa moyo wanga wonse. Koma tsiku lina ndinangotchula, mosadzitama ndithu, kuti ndili mnyamata ndinkatsuka makapu a ansembewo.

"Makapu ya kapuchino?" anafunsa Ba Majidi, atakweza chigoba chowotcherera.

"Mwina," ndinatero.

"Ba Kumbu, kuchokela lelo ndimwe Profesa!"

Ndinakana mwaulemu. Ndinakananso mawa lake. Loweruka litakwana ndinapezeka ndasita malaya.

Mu shopu yoyamba tinapeza timakina tofiira, totchipa, tokhala ndi kapaipi kotulutsa nthunzi yopangira thovu la mkaka. Ba Majidi anatigogoda ndi chala, n'kutchera khutu ngati akusankha chivwende.

"Aka kali na chitsulo mukati," anatero, dzanja likulowera m'thumba. "Mukaona bwanji, Ba Profesa?"

Tsono profesa amene wangoti "n'zabwino" pa shopu yoyamba ndi profesa wanji? Ndinavala magalasi, ndinawerenga bokosi mbali zonse, n'kupukusa mutu.

"Tisafulumire. Ansembe sankafulumira."

"Mwamva?" Ba Majidi anauza mtsikana wogulitsa. "Aba banaphunzila na ba Italiya. Simungabaname."

Nkhope yanga inatentha ndi manyazi. Mtima wanga, ndikuuzeni, unali kuvina.

Umu ndi mmene zinkayendera. Makina ena ankafuna tizitini tawotawo ta khofi, togula padera. Ba Majidi atamva zimenezo anabwerera m'mbuyo.

"Iyi ni mbuzi yamene idya chabe mabisiketi. Nani angaiwete?"

Ena anali apulasitiki. Awa anawakana okha, ati akathyoka adzawotcherera pati. Ena anali aakulu, onyezimira, odzipera okha khofi, ndipo titaona mtengo wake tonse awiri tinavula zipewa ngati tadutsa pamaliro. Paliponse ankafunsa funso limodzi: "Manje malaiti yakayenda, yasebenza pa malasha?" Ogulitsa anatizolowera. Ena ankatipatsa mipando. Ndipo nthawi iliyonse dzanja la Ba Majidi likalowera m'thumba, ine ndinkapeza chilema: thanki yamadzi ndi yaing'ono, chingwe n'chachifupi, Chingerezi cha pabokosi chili ndi zolakwika.

Pobwerera tinkadutsa pa kafe ya Hafswa. Ba Majidi ankaima kuseri kwa chipilala, n'kuwerama kuti amange zingwe za nsapato. Nsapato zawo zinalibe zingwe. Ankamanga kwa nthawi yaitali, maso ali pa galasi, kenaka n'kudzuka.

"Waonda," ankatero. "Tiyeni."

Nthawi ina anatopa n'kuganiza zopanga okha makinawo. Anatenga mphika wakale wotsekera nthunzi, kuuwotcherera paipi yamkuwa ndi kampopi, n'kuukhazika pa mbaula. Anaitana anansi. Ine, monga Profesa, ndinapatsidwa mpando wakutsogolo ndi kapu. Chinthucho chinayamba kulira ngati ketulo, kenaka ngati minibasi, kenaka ngati chinthu chimene sindinachimvepo. Anansi anzeru anathawa. Ine ndinakhalabe, poopa kuoneka wosakhulupirira sayansi. Mkaka unafika pa malata, pa galu wa Ba Philomena oyandikana nawo, ndi pa ine kuyambira kumutu.

Ba Majidi anandiyang'ana, n'kupala thovu pa phewa langa ndi chala.

"Koma thovu yachoka, Ba Profesa. Onani!"

Chinawapulumutsa ndi chimfine. Loweruka lina chinandigoneka, iwo n'kupita okha. Asanadye nkhomaliro anali atagogoda kale pakhomo panga, bokosi lili pamutu. Anali makina ofiira aja, a mu shopu yoyamba.

"Nayesa kuganiza monga imwe," anatero, "koma mutu wanga siukwanisa. So nagula chabe."

Nditachira tinapita limodzi ku kafe. Iwo anavala kofia yatsopano. Pachipilala anaima pang'ono, kuyang'ana nsapato zawo, kenaka anakankha chitseko chija ndi bokosi. Pakauntala panali mtsikana wina, dzina lake Mwiche lolembedwa pachifuwa.

"Mwana wanga, niitanile Hafswa. Umuuze kuti kuli kasitoma afuna kuonesa mashini."

"Ba Hafswa? Banachoka sabata yatha. Banapeza nchito ku loji."

"Loji ya kuti?"

"Kaya, ku Livingstone."

"Awe, ku Mfuwe," anatero mnyamata wotsuka makapu.

"Foni?"

"Banachinja nambala." Mwiche anawayang'anitsitsa. "Koma imwe ndimwe ba daddi ba pa chipilala, si so? Ba Hafswa benze kukuonani. Sabata iliyonse benze kupanga tiyi ya shuga maningi, kuika apa pa kona. Ikazizila, ndise tenze kumwa."

Ba Majidi anatsitsa bokosi pansi pang'onopang'ono. Ine ndinavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera. Ku Garden nakonso anzake a Hafswa sanagwirizane: wina anati Livingstone, wina Siavonga.

Tinabwerera pa minibasi, n'kutsika. Kenaka Ba Majidi anati:

"Ba Profesa, maloji mu Zambia ni yambili?"

"Ndi ambiri zedi."

"Yonse yali na mageti?"

"Ndikhulupirira choncho."

"Ndiye nchito sinizasowa."

Ndinafuna kunena kuti tisafulumire. Kwa nthawi yoyamba ndinatseka pakamwa.

Masiku ano shedi yawo ndi yokhoma. Kulibenso kuwala kwabuluu kuja kothobwa m'maso, ndipo ana amadutsa pamenepo osaphimba nkhope. Galu wa Ba Philomena anayambanso kugona panja mopanda mantha. Ine palibe amene amanditchulanso Profesa. Ndinapeza mtendere umene ansembe ankaufuna kwa ine, ndipo ndauona kuti ndi wozizira. Loweruka likafika ndimapezeka ndasita malaya.

Ba Majidi ananyamuka m'mawa wina kukafunafuna Hafswa, foni ataiiwala m'chitini cha misomali monga mwa chizolowezi chawo. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Kumsana anali ndi chikwama cha zida, chigoba chowotcherera chikulendewera m'khosi, ndipo bokosi lija analimanga ndi waya wolimba woti ngakhale wakuba angalire.

"Mukwera basi yopita kuti?" ndinafunsa.

"Yamene izayamba kuzula na bantu," anatero. "Kusankha nasiyila imwe."

Minibasi inaima, kondakitala anafuna kuponya bokosilo kumbuyo, iwo anakana. Analikhazika pamiyendo, manja onse awiri atalikumbatira, ndipo chitseko chinatsekedwa.