Fungo la M'zala za Chule

Inu mukusekera kumbuyoko, amayi a Tapiwa, dikirani ndimalize, mukatero munditche wabodza pamaso panga. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma maso anga sanalekere pomwepo.

Nthawi imeneyo Chisomo ali kumsana, ndinkagwira ganyu yokonza m'nyumba mwa mzungu wina wokalamba ku Lewisham, amene ankaweta achule m'mabokosi agalasi, tiachule tochepa ngati chala chachikulu, tofiira ndi tabuluu, timene kunkhalango zakwawo ululu wake umapha munthu. Ndikupukuta galasi ndinaona kuti wamphongo ali ndi zala zotupa kunsonga, ndipo akamufuna wamkazi samugwira m'chiuno ngati achule akwathu, amamugwira kumutu n'kumukanikiza zalazo pamphuno, wamkaziyo n'kungoti zii. Mzungu uja anati m'zalamo muli timatumba totulutsa fungo lomwe munthu sangalimve.

Tsono bambo a Chisomo anali atayamba mashifiti osatha, malaya akubwera akununkhira sopo wa nyumba ina, ndipo manong'onong'o ankati ku Ilford kuli mkazi. Khuzumule ndikanamupeza kuti mu London? Ndinavula magolovesi, ndinatola wamphongo uja n'kutikita zala zake pa zanga, kuti ndikawagwire amuna anga pamphuno.

Chimene sindinaganize n'chakuti fungolo ndi la mwamuna, limaitana akazi. Mukumva?

M'basi ya ku Woolwich amayi onse anasiya kulankhula nthawi imodzi n'kutembenuza makosi, osaphethira, ndipo nditatsika m'chifunga cha masana anatsika nane, anamwino ndi mabaji awo, agogo ndi ndodo zawo, kumbuyo kwawo nkhandwe zazikazi zikutuluka kumabini, nkhunda zazikazi zikuyenda pansi osauluka, achule a mumtsinje wa Thames akukwera makoma, zikwizikwi, popanda ndi mmodzi yemwe wolira, moti ndinkamva kupuma kwa mwana wanga pakhosi. Ndikaima, ankaima. Ndikakanda mutu, makosi onse ankatsata dzanja. Pafulati pathu anadzaza masitepe mpaka nsanjika yachisanu ndi chinayi.

Amuna anga ndinawagwira pamphuno ndi manja awiri. Anangoyetsemula, n'kufunsa ngati ndagula buledi.

Kenaka chitseko chinagogodwa kamodzi. Panaima mkazi amene ndinali ndisanamuonepo, wopanda nsapato, akuchucha madzi, m'tsitsi muli ndere, chifukwa pochokera ku Ilford anawoloka mtsinje akuyenda pansi pa madzi, ndikulumbira pali Mulungu. Anali atavala juzi ya amuna anga, imene ndinaluka ndekha. Anawerama n'kuika mphuno yake m'manja mwanga.

"Mwamunayu umusiye," ndinatero.

"Mwamuna wake uti, mayi?" anafunsa, maso ali pa zala zanga.

Ndinasamba m'manja ndi bulichi kasanu ndi kawiri, khamu lija n'kubalalika, aliyense akudabwa kuti ali kuti. Koma uyu fungolo analipuma kwambiri. Mpaka lero Loweruka lililonse amabwera, amandichapira, n'kukhala pakhomo kumandiyang'ana m'manja, ndipo amuna anga sawakumbukanso ndi dzina lomwe. Ndani wa inu anagonjetsapo mkazi mnzake chotero?

Kungoti bambo a Chisomo anachoka ndithu. Anapita ndi mkazi wina wa kutchalitchi kwathu, amene tsiku limenelo anali ndi chimfine.