Mchombo wa Mdzukulu Wanga M'filiji ya ku Kasakula

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Kasakula, amayi ogulitsa tomato amakodolana n'kumaseka. Ndine mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingonso, ndiye ndaona kuti ndiulule ndekha ena asanathirepo mchere.

Mwana wathu woyamba, Tadala, amachita kafukufuku wa zachipatala kunja. Tsiku lina pafoni anandifotokozera za maselo apadera amene amatha kupanga magazi atsopano m'thupi. Anati ena amapezeka mumchombo wa khanda, ndipo madokotala amawasunga pozizira kwambiri kuti adzathandize odwala matenda a magazi. Ine ndinatolapo mawu awiri okha, mchombo ndi pozizira. (Zaka zonse zija ndinkakalipira ana asukulu kuti azimvetsera mpaka kumapeto.)

Kenaka mng'ono wake wa Tadala anatiberekera mdzukulu wamwamuna. Ndinasangalala mpaka kuvina pabwalo, bondo langa lovutali osalimvanso. Kwathu kuno mwana satuluka m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo amayi amakaukwirira pobisika kuti anthu oipa asaupeze. Ife amuna sizitikhudza.

Utagwa, akazi anga aNabanda anaukulunga m'kansalu, n'kuusiya pawindo kuti akaitane anzawo. Mumtima ndinati, mankhwala a mdzukulu wanga akadyedwe ndi chiswe ine ndilipo? Ndinapisa dzanja pawindopo, n'kuuika m'kabokosi ka machesi. Basi, njinga ulendo ku Kasakula kwa mnzanga wagolosale amene ali ndi filiji.

"Muli chiyani umu, aphunzitsi?" anafunsa.

"Sayansi," ndinayankha monyadira. Anakaika kabokosiko pakati pa mafilizesi.

Pobwera ndinapeza pakhomo ngati pamaliro. Mayi wa mwana akulira, aNabanda afufuza mpaka m'khola la nkhuku, ndipo maina a anthu oganiziridwa ufiti anali atayamba kutchulidwa. Apa ndinachita mantha, chifukwa ena mwa iwo ndimapemphera nawo.

"Musavutike, ndakausungitsa m'filiji," ndinatero.

ANabanda anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Abambo ake Tadala, mwati mchombo wa mwana uli pamodzi ndi mafilizesi?"

Ndinaimbira Tadala kuti andiikire kumbuyo, foni n'kuikweza kuti onse amve. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Ababa, amatenga magazi a mumchombo mwana akangobadwa kumene, kuchipatala, ndi zipangizo zake. Kamchombo koumako n'kopanda ntchito. Kawabwezereni amayi."

Ndinapalasanso njinga kukwera zitunda za ku Kasakula, aNabanda ali pakaliyala kuti ndisaganizenso zina panjira. Tinakapeza mkazi wa mnzanga uja atatsegula kale kabokosiko pofuna machesi. Msika wonse unali utamva, ndipo mafilizesi tsiku limenelo sanayende malonda.

Mchombo anakaukwirira kumene ine sanandiuze. M'mawa mwake mwana anatuluka m'chikuta, nthungululu zili pakamwa, ndipo pondiseka amayi anamutcha Sungani. Atandipatsa kuti ndimunyamule koyamba, misozi inalengeza, manyazi onse n'kuiwalika.

Sabata yathayi Tadala anandiuza kuti ofufuza akupezanso maselo otere m'mano a ana aja amaguluka. ANabanda akuti mano a Sungani adzaponyedwa padenga monga mwa mwambo, ndipo sindinawatsutse. Koma kabokosi kaja sindinataye.