Mlandu wa Magawo Asanu

Lolemba

Ndikufika kunyumba ku Pangani, nsapato sindinavule, pakhomo pali chikwama chachikulu. Pa sofa pali Eneless, maso ali psuu. Akuti banja lake ndi Wyson latha, Lamlungu akwera ndege kubwerera ku Ntcheu. Tikiti ili kale m'foni.

Ine ndine nkhoswe yawo. Osati wachibale ayi. Amalume ake a Eneless anangondisankha pa foni chifukwa m'Nairobi muno Mmalawi wa imvi amene amamudziwa ndine ndekha.

Mafunso a unkhoswe:
Wakumenya? Ayi.
Mowa? Ayi.
Mkazi wina? Ayi.
Nanga n'chiyani, mwanawe?

Sewero la pa kanema! La moyo wa mayi wina wotchuka woyimba m'Chisipanishi. Anapangana kuti azionera limodzi, gawo limodzi madzulo alionse. Wyson anapita ku msonkhano ku Mombasa, kuhotela anaonera magawo asanu yekha. Atabwera anakhala phee, n'kumadabwa nawo mwabodza. Chamugwiritsa ndi mpango. Anampatsira mkazi wake mpango wopukutira misozi ngozi ya galimoto ya m'sewerolo isanachitike.

Ndikudikira kuti mlandu weniweni uyambe. Akuti ndi womwewo.

Amayi a Chisomo, akazi anga, akuika tiyi patebulo. "Sewero lake ndi lomwe lija," akutero. Lomwe liti? Abwerera kukhitchini.

Pulani: Lachitatu likamafika, chikwama chikhale chitabwerera kwawo. Nkhani yaing'ono iyi.

Lachiwiri

Wyson akundigulira nyama choma, nyama yowotcha ya kuno, pa nkhomaliro. Taye ili bwinobwino, nkhope ya munthu wosagona. "Achimwene, ndi filimu chabe. Munthu angathetse banja chifukwa cha filimu?" Ndikugwirizana naye, koma nkhoswe sigwedeza mutu, ndiye ndikungotafuna.

Mlandu suweruzidwa popanda kuona umboni. Wandiikira sewerolo m'foni mwanga.

Gawo loyamba, m'matatu, minibasi ya kuno. Anthu akulankhula ngati akuthamangitsidwa. Mawu a Chingerezi m'munsimo akuthawa ndisanawerenge. Ndikawerenga sindiona nkhope, ndikaona nkhope sindidziwa chimene akulirira. Dzina la mayi woyimbayo lilime langa lakana. Ndamutcha Nasipanishi.

Ndaonera atatu. Chifukwa cha umboni basi.

Lachitatu

Mutu waima. Zimene ndikudziwa:
1. Pali kamtsikana koyimba pamsika.
2. Pali mayi wa diresi lofiira woyimba m'holo.
3. Pali gogo wa magalasi akuda amene amangoyang'ana pazenera.

Dzulo lonse ndimayesa ndi mwana, mayi ndi agogo ake. Lero mnzanga wa ku ofesi akuti ndi munthu mmodzi! Nanga bwanji gogoyo akuoneka mwana asanakule? Akuti nkhani imabwerera m'mbuyo. Imabwerera osalengeza?

Amuna ndawerenga anayi. Wandevu, wa gitala, wa ndalama, ndi wina amene ndimayesa wafa pa ngozi ija koma nayu akudya nkhuku. Maukwati onsewa, nkhoswe palibe ndi imodzi yomwe. Mpake kulira.

Amalume aimba kuchokera ku Ntcheu. "Musandibisire, pali mkazi?" Ndikuti alipo koma ndi wa pa kanema. "Kwawo n'kuti?" Kutali, kwa anthu a Chisipanishi. "Makolo ake akudziwa?" Ndikuti bambo ake sakudziwa kanthu, akuyesa ali kusukulu ya masisitere. "Ndiye mwana wa sukulu?" Foni yaduka. Sindikudziwa chimene auza anthu kumudzi.

Ndapitirira siteji yanga, kondakitala wandidzidzimutsa tili kale m'tauni. Chikwama chikadali pakhomo.

Lachinayi

Bwalo loyamba, pabalaza pathu. Ndavala jekete. Ndakonza mavesi atatu ndi mwambi umodzi. Wyson uku, Eneless uko, nkhope kukhoma. Amayi a Chisomo pakhomo la khitchini, manja m'chiuno.

Pemphero layenda bwino. Ndiye pakamwa panga pakutuluka funso limene silinali pa pepala: kodi wandevu uja ndi mwamuna wake kapena mlongo wake?

"Manejala!" onse awiri nthawi imodzi. Ayang'anana! Eneless akufotokoza, Wyson akuwonjezera, mpaka akuseka. Mumtima ndikuti basi, ntchito yatha, unkhoswe si kanthu.

Wyson: "Koma mudzamuda akadzaba mapepala a nyimbo aja."

Eneless sanafike pamenepo. Wadzuka, walowa m'chipinda cha ana, loko kwa! Wyson wapita osamwa tiyi. Mavesi anga ali m'thumba osagwira ntchito.

Abanso mapepala? Wandevu? Munthu ndimamukhulupirira ine.

Lachisanu

Ndadzuka ndi nzeru ya Solomo. Mlandu ndi magawo asanu, chindapusa chikhale magawo asanu. Eneless aonere yekha asanu, Wyson akhale panja ndi askari, mlonda wa pageti, afanane. Chilungamo chenicheni!

Ndikumuuza Eneless akusenda mbatata. Sakweza mutu. "Bambo, ine sindikufuna magawo asanu. Ndinasiya ntchito ya unamwino kutsatira munthu. Tsiku lonse ndimakhala m'nyumba ya kumwamba ija kufupi ndi Muthaiga, wolankhula naye palibe, Chiswahili changa chimathera pogula masamba a sukuma. Ola limodzi lokha ndi limene amaika foni pansi n'kukhala pambali panga. Ndiye wandionetsa kuti ngakhale ola limenelo angathe kulidya yekha."

Mpeni wa amayi a Chisomo waima pa anyezi. Akundiyang'ana. Kaya ndi anyezi, kaya.

Zandikhudza ndithu, chisoni chandigwira. Koma ngati vuto si magawo, ndiweruze chiyani? Ndalemba mawu akewo pa pepala kuti ndiwaganizire pa nkhomaliro. Pa nkhomaliro Nasipanishi wataya mawu tsiku la konsati yaikulu. Pepala sindinaliwerenge.

Kwatsala magawo anayi. Kwatsala masiku awiri. Amalume atumiza uthenga: akufuna nambala ya makolo a mtsikana wa sukulu uja.

Loweruka

Ndamaliza lonse! M'mawa, m'galimoto ya ku ofesi, pamalo oimika magalimoto. Ndalira ngati mwana, mlonda mpaka wagogoda pazenera kundiuza pole, pepani wa kuno.

Bwalo lachiwiri, masana. Chikwama chatsekedwa kale ndi loko. Wyson wapepesa kawiri, Eneless akuyang'ana denga. Mavesi akanika. Mwambi wakanika. Ndathedwa nzeru, ndikuimirira, mawu akubwera okha.

Ndikuti ana inu, taonani Nasipanishi. Dziko lonse kumuombera m'manja, koma munthu amene ankamufuna ndi wa gitala uja, amene ankakhala naye pa benchi asanatchuke. Zaka makumi atatu kunyada. Pomwe akubwerera kwa iye, akupeza ali m'chipatala, samuzindikiranso, akumuyesa nesi. Akumuimbira, iye n'kutsirizika nyimbo ili pakati. Mukufuna zimenezo?

Onse awiri akundiyang'ana.

Ndikuyesa mawu alowa.

Eneless, motsitsa: "Wa gitala amwalira?"
Wyson: "Achimwene, ine ndinalekera gawo lakhumi."

Kalanga ine! Eneless akulira. Wyson akufufuza m'thumba, akutulutsa mpango, ulendo uno pa nthawi yake. Waulandira! "Munthu wamkulu ngati uyu," akutero Eneless. "Wopanda chisoni," akutero Wyson. Wanyamula chikwama, akutsika masitepe limodzi, akundinena mpaka pageti. Sanatsanzike.

Madzulo uthenga: tikiti aisintha, apita onse awiri pa Khirisimasi. Banja lapulumuka. Sindikudziwa ngati ndapambana kapena ndachotsedwa ntchito.

Ndikufunsa amayi a Chisomo ngati pali chakudya. Akuti ndifunse Nasipanishi.

Lamlungu

Kutchalitchi amayi a Chisomo akhala benchi ina. Pobwera m'matatu akhala kutsogolo ndi dalaivala.

Kunyumba akuyatsa kanema, akundionetsa. Sewero lomwe lija, gawo loyamba, laima pa mphindi yachinayi. Akuti miyezi itatu yapitayo anandipempha kuti tizionera limodzi. Ndinakhala mphindi zinayi, foni inalira, ndinati mawa. Iwo sanapitirize. Anzawo onse a kumvano anamaliza kalekale, iwo amatseka makutu, kudikira mawa langa.

"Wyson anaba magawo asanu. Inu mwaba onse, mwabwera n'kudzandiuza mathero pabalaza panga, mutavala jekete."

Ndikufufuza mwambi. Umene ukubwera ndi umodzi: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Akuti aimbira kale ankhoswe. Ati? Wyson ndi Eneless. Abwera Lachiwiri, ndipo Eneless akuti abweretsa mavesi.

Foni ndaitsekera m'kabati. Ndakhala pa sofa, mbali imene andilozera. Kamtsikana kaja kakuyimba pamsika, wa gitala akubwera chapatali, mnyamata wosadziwa kanthu. Mpango uli m'thumba. Sindiugwira mpaka iwo ayambe kulira.