Chiboda pa Thabwa la Mukwa

Lolemba

Akubwera! Ba Kamvuluvulu akubwera! Ndamva pa wailesi ndili mkati mopala thabwa, mpaka puleni yandipulumuka. Loweruka lino, pa bwalo la akavalo kuseri kwa mayadi, akukwera komaliza. Akuti akalamba, akukapuma kufamu. Komaliza!

Ndasiya mpando wa kasitomala uli ndi miyendo itatu, ndathamangira kunyumba kukauza anzanga a pakhoma, zithunzi za akatswiri okwera akavalo. Onse alipo. Mayi Chipewa, mzungu uja amene kavalo wake amavina. Kafupi wa kutsidya kwa nyanja, msinkhu ngati mwana wa sukulu koma zikho zodzaza kabati. Mwana wa Mfumu wa kuchipululu ndi ndevu zake zosalala. Mayina awo enieni amapinda lilime, ndiye ndinawapatsa anga. Ndimadziwa amene anathyoka phewa, amene anasiya mkazi, amene sadya nyama. Ndifunseni usana, ndifunseni ndili m'tulo.

Koma pakati pa onsewa pali ba Kamvuluvulu, ali m'malere pamwamba pa mpanda. Chithunzi chawo ndi pepala la nyuzi limene amayi anakulungiramo vitumbuwa ndili mwana. Mafuta adakali pa mchira wa kavalo mpaka lero. Tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti munthu wobadwira m'komboni ngati ine angathe kuuluka. Za vitumbuwa sindikumbuka ngati ndinadya.

Ndikufuna chinthu chimodzi basi: asayine pa chithunzichi ndi dzanja lawo.

Zofunika:
1. Felemu ya mukwa, yagalasi.
2. Thalauza loyera lothina, ngati la okwera akavalo.
3. Nsapato zazitali zofika m'mawondo.
4. Chisoti chakuda.
5. Mawu abwino owauza.
6. Lamulo lalikulu: OSADUTSA KUMBUYO KWA KAVALO. OSACHITA PHOKOSO. Izi ngakhale mwana amadziwa.

Kavalo weniweni sindinamukhudzepo chibadwire, koma zimenezo n'zazing'ono.

Amake Dali, mkazi wanga, awerenga mndandanda uku akusenda anyezi. Ati, "Batate ba Dali, mpando wa bene uli na mendo yatatu, imwe muganiza va mahachi?" Nsanje.

Lachiwiri

Thabwa ndasankha lokhuthala, la mukwa wofiira bwino. Anzanga pashedi akuti ndikupanga chitseko cha banki. Aseke. Munthu wamkulu sasayinira pa kapulanga kopepera.

Malaiti apita ndisanayambe n'komwe. Ndapala pamanja, thukuta kamukamu.

Masana ndapita kwa ba Saidi, telala wa pakhonde loyandikana ndi shedi yathu. Munthu waulemu, wopemphera, makolo ake anachokera ku Malawi ndi makina omwewo amene akusokerabe. Ndawaonetsa pafoni thalauza la Kafupi. Avala magalasi. Avula. Avalanso.

Ati, "Iyi ni thilauzi olo ni sokosi?"

Ndawafotokozera kuti liyenera kugwira thupi kuti mphepo isakubweze. Andiyeza m'chiuno, apukusa mutu, alemba pa kapepala. Ati, "Osadandaula, nizakusokelani ya ulemu."

Mawu akuti ulemuwo sindinawakonde mmene anatulukira.

Nsalu yachokera pa shiti loyera la amake Dali, lija amasungira alendo. Sakudziwa. Alendo sabwera kawirikawiri.

Mawu owauza ba Kamvuluvulu, kuyesa koyamba: "Bwana, ine ndine mmodzi mwa anthu amene..." Ayi. Zikumveka ngati ndikupempha ntchito.

Lachitatu

Ku salaula, kogulitsa zovala ndi nsapato zakale, m'tauni. Fumbi, mawilibala, anthu kupondana. Ndafukula milu ya nsapato ngati nkhuku pa dzala.

Ndiye ndaipeza! Yachikopa, yakuda, yofika m'bondo, yonyezimira moti ndaonamo mano anga. Ndaivala. Yandikwana ngati anandiyeza. Ndayenda nayo uku ndi uku, mwendo umodzi wa ngwazi, wina wa kalipentala.

Inzake kulibe.

Wogulitsa ati, "Inzake izabwela mu belo ya wiki ya mawa, bamudala. Tengani iyi mukazizolowela."

Ndaisiya. Mtima unawawa ngati ndasiya mwana kuchipatala.

Pobwerera ndagula majombo a mphira, aja ovala mvula ikagwa ku Kanyama. Ndawapaka polishi kawiri. Ukaima patali, n'kutsinzina diso limodzi, akufanana.

Dali, mwana wanga wamkazi, wandifunsa ngati tikukagwira nsomba. Ana a masiku ano sadziwa kanthu.

Kasitomala wa mpando wabwera. Ndamuuza kuti mwendo wachinayi ukuuma. Wafunsa kuti ukuuma kuti. Ndati malaiti.

Mawu, kuyesa kwachiwiri: "Ba Kamvuluvulu, inu ndinu mphepo, ife ndife masamba." Amake Dali aseka mpaka kutsamwa tiyi. Chabwino, ndachotsa.

Lachinayi

Chisoti chapezeka! Alamu anga ogwira ntchito ku mafakitale a ku Heavy Industrial andibwereka chawo. Chachikasu, cha pa zomangamanga. Ndachipaka penti yakuda ya mageti, ndachiyanika padenga.

Madzulo ndayeseza kukwera, mwina angandiuze kuti, "Kwera tione." Ndagoneka diramu pa mabenchi awiri, ndayala thumba, chingwe cha zovala ndiye zingwe za pakamwa. Msana chilili ngati Mayi Chipewa. Zidendene pansi ngati Mwana wa Mfumu. Zinayenda bwino kwambiri mpaka diramu linakumbuka kuti ndi lozungulira.

Ndagwera m'dimba la repu la alandilodi. Komboni yathu yonse ya Kalingalinga inali pampanda.

Ndikudzikunkhumula, ndaona alandilodi aima pageti akucheza ndi ba Saidi. Ndazungulira kumbuyo kwawo, chowerama, ndikuwomba m'manja, "Odi, odi." Amayi anandilera choncho: pamene akulu akulankhula sudutsa pakati pawo, umadzera kumbuyo, umawerama, umawomba m'manja. Khutu langa lakumanzere ndi lalitali kuposa linzake chifukwa cha phunziro limeneli.

Amake Dali ati, "Imwe na ulemu wanu! Mumaombela m'manja olo galu wa ba landilodi. Tsiku lina muzaombela minibasi."

Ulemu sunaphepo munthu.

Felemu yatha. Chithunzi chalowa, galasi pamwamba, vanishi kuwala. Ndaiyang'ana mpaka misozi kulengeza. Ndine wokondwa, ndisabise.

Lachisanu

Thalauza lafika.

Ba Saidi alibweretsa okha, atalipinda bwino, nkhope yonyadira. Ndalivala. Mwendo uliwonse mungalowe ine ndi Dali ndi thumba la ufa. Likafika pa akakolo ndiye lathina pang'ono, kuti asanene kuti sanandimvere.

Ati, "Nakuikilani malo yopumila. Mwamuna wa banja sangayende monga soseji."

Ndathokoza. Ndikanatani? Asoka ndi mtima wonse.

Amake Dali aliyang'ana nthawi yaitali. Agwira nsalu. Apita kuchipinda, atsegula sutikesi, abwerako. Sananene kanthu. Kusanena kanthu kwa amake Dali kumamveka mpaka ku komboni ya Mtendere.

Chisoti: penti sinaume. Ndachiyesa, chakana kuchoka. Chachoka ndi tsitsi. Pachipumi pali mzere wakuda umene sopo waukana, palafini wangouwalitsa.

Ndiye galasi. Ndinaimika felemu pampando wa kasitomala kuti ndiione patali. Ndinaiwala za miyendo itatu ija. Phwaa! Chithunzi sichinang'ambike, Mulungu ndi wabwino, koma wodula magalasi watseka, wapita ku maliro ku Chipata.

Mmene zinthu zilili:
Felemu: ilipo, yopanda galasi.
Thalauza: lilipo lambiri.
Nsapato: za mvula.
Chisoti: chamwalira.
Mawu: ndingonena kuti, "Sayinani apa, bwana." Basi.
Bolopeni: ziwiri, kuopa ngozi.
Lamulo: ndikulidziwa ngati dzina langa.

Mawa!

Loweruka

M'mawa. Thabwa ndi lolemera, m'minibasi anthu angalikande. Amake Dali, ngakhale sakundilankhula, alimanga kumsana kwanga ndi chitenge ngati mwana, chithunzi choyang'ana mkati kuti chisagwire fumbi. Amanga mfundo pachifuwa, akoka kwambiri kuposa mmene zimafunikira. Ati, "Mukabwele wamoyo, tikambe va shiti."

Kondakitala ati, "Ba shefu, ni ukwati olo ni ubatizo?" Ndakhala chammbali, thabwa kumsana, thalauza pa miyendo ya anthu awiri.

Pabwalo. Udzu wobiriwira m'chilimwe chino! Ndipo akavalo! Amayi inu, akavalo! Pa chithunzi sakuuza kuti ndi aatali chonchi, kuti amapuma ngati mvukuto, kuti khungu lawo limanjenjemera lokha ntchentche ikatera. Fungo lawo ndalikoka m'mphuno mwadala kuti ndipite nalo kunyumba.

Kenako iwo. Ba Kamvuluvulu. Aang'ono, imvi mbuu, msana wopindika pang'ono. Poyenda pansi ndi mdala wamba, woti ungamupatse malo m'minibasi. Koma atangokwera, ukalamba wonse unatsala pansi. Mpanda woyamba, wachiwiri, wachitatu, kavalo wofiira akungouluka. Ndalira poyera. Mzimayi wa pambali panga wandipatsa tishu.

Atatha, aima pafupi ndi mpanda, adakali pakavalo, akucheza ndi madala atatu a masuti. Anthu ofuna moni ndi zithunzi afola mbali inayo. Ine ndili mbali ino. Njira zilipo ziwiri: pakati pa iwo ndi madala aja, kapena kumbuyo.

Mutu unadziwa lamulo. Ndikulumbira, unadziwa. Koma miyendo ndi ya amayi.

Ndawerama. Ndazungulira kumbuyo, chammbali, msana kwa kavalo kuti ndisaoneke ngati ndikumvetsera nkhani za akulu. Ndipo manja, manja angawa, awomba okha. Phu, phu, phu. "Odi, odi."

PHAA!

Ndauluka. Zoonadi, munthu wa m'komboni angathe kuuluka. Ndatera chafufumimba pa mulu wa ndowe zimene anakokolera pakona. Jombo imodzi yapitirira ulendo payokha.

Ndiye ndamva mawu pamwamba panga. Mawu awo! Ati, "Iwe mudala, uli bwino? Nindani anakuuza kuombela hachi m'manja ku matako?"

Andilankhula. Ine. Pa anthu onse aja, ine!

Ndimafuna kunena kuti, "Sayinani apa, bwana," koma mpweya unali usanabwerere. Chatuluka ndi "Hiii." Anthu a chithandizo andinyamula, andilowetsa m'tenti, andidina nthiti imodziimodzi. Nesi wagogoda thabwa, ati, "Ici ndiye cakupulumutsani. Kukanakhala galasi sembe tikamba vina." Mfundo ya amake Dali yatenga anthu awiri kuti imasuke.

Potuluka m'tenti, bwalo lili mbee. Galimoto yokoka ngolo ya kavalo ikutuluka pageti, mchira wofiira ukulendewera kumbuyo. Ndaimika dzanja. Mchira wagwedezeka, koma ndikuganiza kuti inali ntchentche.

Bolopeni zonse ziwiri zathyokera m'thumba. Thalauza tsopano lili ndi mitundu itatu.

M'minibasi yobwerera anandipatsa mpando wonse ndekha, mawindo onse otsegula.

Lamulungu

Kutchalitchi ndaima mapemphero onse. Abusa ayamikira kudzipereka kwanga.

Nkhani yafika kale paliponse. Pakantemba pogula buledi akunditcha Odi-odi. Ba Saidi abwera kudzandiona ndi nthochi, ati mwayi thalauza linali ndi malo, lothina likanang'ambika pa anthu. Sindinatsutse. Alamu akufuna chisoti chawo chachikasu. Kasitomala watenga mpando wake wa miyendo itatu, akuti akaika njerwa.

Za shiti takambirana. Ndiye kuti amake Dali akamba, ine ndamva. Thalauza alichapa, akuti mutuluka mapilo anayi ndi katani ya kukhitchini.

Siginecha ndilibe. Sindidzakhala nayo. Apita kufamu, ndipo munthu sakwera komaliza kawiri. Zimenezi zikundiwawa kuposa msana. Zaka zonsezi ndikusunga pepala la mafuta, n'kufika pafupi moti ndikanagwira jombo yawo!

Masana ndatenga felemu kuti ndiibwezere pakhoma. Chithunzi chili bwinobwino, ba Kamvuluvulu adakali m'malere. Ndatembenuza thabwa kuti ndikhome kachingwe, ndipo ndaona. Chiboda chonse chadindika mu mukwa, chozungulira bwino, ndi timabowo ta misomali tooneka kamodzikamodzi. Ngakhale ine ndi tchizulo sindingajambule chotere.

Ndakhala nacho pamiyendo, kapena ndinene kuti ndagona nacho chammbali, pakuti kukhala sindingathe. Ndachipaka vanishi.

Amake Dali ati, "Manje muzapachika mbali iti?"

Ba Kamvuluvulu ayang'ana m'nyumba muno zaka zambiri. Apume, ayang'aneko khoma. Ndapachika felemu chiboda chikuyang'ana m'nyumba, pakati pa Mayi Chipewa ndi Kafupi. Ndabwerera m'mbuyo pang'ono kuti ndione ngati chawongoka.

Phu, phu, phu. Manja awomba okha.

Kukhitchini ndamva, "Dali, bwela uone batate bako. Bayambanso."